Maluwa a Madala a ku Ledig

Ntchito yanga yeniyeni ndi utelala. Ndinaphunzira kusoka pakhonde la sitolo ina ku Namwera, ndipo ponyamuka kubwera ku Joni ndinalongedza sizasi ndi tepi yanga, poganiza kuti makina ndikawapeza konkuno. Makinawo sindinawapeze. Nditakhala miyezi inayi ndikugona pansi m'chipinda cha msuweni wanga ku Rustenburg, chomwe chinapezeka ndi ntchito ya m'gadeni ku Waterfall East, kunyumba za m'mipanda zija zimene mlonda amayamba wakulemba m'buku usanalowe.

Mwini nyumba anali mayi wa Chitswana, wogwira ntchito muofesi ya kumgodi. Sanali munthu wovuta. Tsiku loyamba anandifunsa ngati ndimadziwa kusamala maluwa, ine ndinavomera msanga, chifukwa njala ilibe manyazi. Koma kwathu maluwa sitidzala. Mayi anga ankadzala chimanga, nandolo ndi chinangwa, ndipo duwa lomwe ndinkalidziwa bwino ndi la dzungu. Ndinkathirira m'mawa ndi madzulo ngati dimba la mpiru, ndipo pasanathe miyezi iwiri bedi lonse la kutsogolo kwa nyumba linachita chikasu n'kuwola. Madamu anaima pakhonde, makiyi a galimoto ali m'manja, n'kunena kuti mnzanga amene ndinalowa m'malo mwake sankawachititsa kugula maluwa atsopano chaka chilichonse, ankadula nthambi za akale n'kumeretsa ena. Anandifunsa ngati ndingathe kutero. Ndinavomeranso.

Ndinachita monga timachitira ndi chinangwa. Ndinadula nthambi ndi sizasi yanga yosokera, ndinazizika m'dothi lakuda lija la kuno limene limamata ngati phula kukagwa mvula, n'kuthirira. Patatha sabata zonse zinada kutsinde n'kugwa.

Loweruka lina ndinapita ku Ledig kukaona mnzanga wina wogwira ntchito yochapa kumahotela akuluakulu a kufupi ndi kumeneko. Nditatsika tekisi ndinaona bambo wachikulire atakhala pa kireti m'mbali mwa msewu, patsogolo pawo atandandalika timaluwa m'timakapu ta yogati ndi m'zitini. Kunkawomba mphepo ya Ogasiti, yafumbi ija, ndipo inagwetsa timakapu tinayi. Bambowo anawerama kutola uku akuti, "Mphepo iwe, ulibe mwambo."

Ndinaima chilili. Mawu a Chichewa pamsewu wa ku Ledig ndinali ndisanawamvepo kuchokera pakamwa pa munthu wa imvi. Ndinagwada pang'ono n'kuwapatsa moni.

"Mwaswera bwanji, madala?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kapusi yanga mpaka nsapato.

"Kwanu n'kuti?"

"Ku Mangochi, cha ku Namwera."

"Ha, amjomba! Mwasiya nsomba ndani akuwedza?"

Ndinawauza kuti kwathu n'kumapiri, nyanja ndinaiona kawiri kokha moyo wanga wonse. Iwo anati Mchawa aliyense ndi msodzi, ngakhale wobadwira pamwamba pa mtengo. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, ndipo anatsokomola nthawi yaitali atagwira bondo. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa kwa iwo linali amjomba, ndipo ine ndinkangoti madala.

Kwawo kunali ku Ntcheu. Anabwera pa kontalakiti ali mnyamata, ine ndisanabadwe, ndipo anagwira ntchito pansi pa nthaka, poyamba kumigodi ya golide, kenako kuno kwa pulatinamu. Anzawo atabwezedwa kumudzi iwo anatsalira chifukwa anali atapeza mkazi wa ku Ledig, wamasiye wa mwana mmodzi. Mkaziyo anali atamwalira zaka zisanu ndisanawadziwe. Ankakhala ndi mwana wopeza uja, mayi wamkulu ndithu amene ankagwira ntchito yophika, ndipo ine ndinkamutcha ausi, kutanthauza achemwali, monga amachitira kuno. Chichewa cha madala chinali chakale, cha mawu ena omwe ndinkawamva kwa agogo anga okha, koma akakwiya kapena akafulumira chinkasanduka Chifanakalo cha kumgodi.

Ndinawafotokozera za mavuto anga a ku Waterfall East. Anandiuza kuti ndibwere mawa lake ndi nthambi zomwe ndikufuna kumeretsa, ndiponso ndi chida chomwe ndimadulira.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali kamthunzi komanga ndi mapaipi akale ndi neti yobiriwira yong'ambika. Pansi pake panali matabwa oyala pa njerwa, ndipo pamatabwapo panali timakapu tosawerengeka, tina tovindikiridwa ndi mabotolo a pulasitiki odula pakati. Ndinatulutsa sizasi yanga monyadira. Anaitenga, anadula kanthambi ka jeraniyamu, n'kundionetsa podulapo.

"Taonani. Yatafuna iyi, siinadule. Nsalu siimva kuwawa, amjomba, koma mtengo umamva. Aikona sizasi."

Anatulutsa lumo m'kabokosi ka machesi, analipukuta ndi kansalu konyowa ndi sipiriti, n'kudula kamodzi kokha, pansi penipeni pa mfundo pomwe tsamba limatulukira. Anati mizu imachokera pamenepo. Anathothola masamba am'munsi, anasiya awiri kunsonga, kenako anabudula duwa lofiira lomwe linali litangoyamba kumasula n'kulitaya pansi. Ine zinandiwawa.

"Duwa lokongola chonchi mukutayiranji?"

"Kanthambi kalibe mizu, kalidyetsa chiyani? Kayambe kaima pakokha."

Anandiphunzitsa kusankha nthambi yosakhwima kwambiri komanso yosanyowa kwambiri, yoti ukaipinda imakana pang'ono. Jeraniyamu, anati, ukadula usadzale tsiku lomwelo, uzisiye pamthunzi mpaka bala liume, apo ayi ziwola. Madeizi ndi lavenda ndiye osachedwetsa, ungodula n'kuzika. Dothi lakuda analikaniratu. Ankagwiritsa ntchito mchenga wa kumtsinje, wokhakhala, wosakaniza ndi manyowa owola bwino pang'ono chabe, ndipo kapu iliyonse anali ataiboola kunsi ndi msomali wamoto. Pozika ankayamba waboola kadzenje ndi pensulo yakale kuti khungu la kanthambi lisasupuke, n'kupaka podulapo madzi a tsamba la alovera. Za kuthirira anandikalipira kwambiri. Anati maluwa ambiri amafa ndi chikondi cha mwini wake kuposa ndi ludzu, ndipo anandigwira chala n'kuchilowetsa mumchenga kuti ndimve chinyontho choyenera.

"Ndipo musamazule kuti muone ngati mizu yatuluka. Mukaona katsamba katsopano kunsonga, dziwani kuti pansi pagwira. Musanakaone, manja m'thumba."

Ndinabwerera ku Waterfall East ndi mchenga m'jumbo ndi lumo latsopano. Mwa timitengo makumi atatu tomwe ndinazika, tinagwira khumi ndi tiwiri. Ndinkatiyang'ana m'mawa uliwonse ndisanayambe kusesa, ndipo tsiku lomwe ndinaona katsamba koyamba ndinaimbira foni mkazi wanga ku Namwera kumuuza. Iye anaseka n'kufunsa ngati masambawo amadyedwa. Madamu anasangalala, ndipo anandilozera kwa anzake awiri a mumpanda womwewo. Ntchito inakhazikika chifukwa cha madala.

Lamlungu lililonse ndinkapita ku Ledig. Ndinkafika iwo atabwera kutchalitchi, atavula jekete koma tayi ili m'khosi. Ausi ankadziwa kuti sindidya nyama ya nkhumba ndiponso yosazinga, choncho ankandiphikira nyemba kapena mazira m'poto wapadera. Nthawi ya swala ikakwana madala ankandiyalira katoni yoyera kuseri kwa kamthunzi kaja, n'kumathamangitsa nkhuku kuti zisandidutse kutsogolo. Za chipembedzo sitinakanganepo. Tinkakangana za mpira, ndi za funso lakuti mbatata yokoma ndi ya ku Ntcheu kapena ya kwathu.

Zaka zitatu zinapita motero. M'chaka chachitatu manja awo anayamba kunjenjemera ndipo maso anachita khungu loyera, moti lumo linkaphonya mfundo, nthawi zina n'kuwacheka chala. Ndinayamba kuwadulira ndine. Iwo ankakhala pa kireti, n'kumapapasa kanthambi kalikonse ndikadula, ndipo kakapanda kuwasangalatsa ankakataya osanena kanthu. Chifuwa chija chinkakulirakulira. Ankati ndi fumbi la pansi lomwe anadya zaka zonse zija, tsopano likufuna malo ake.

Tsiku lina mu Malichi, nyengo yomwe timadula zambiri kuti zidzakhale zokonzeka pofika Seputembala, anandifunsa mwadzidzidzi.

"Amjomba, foni yanuyo imafika ku Ntcheu?"

"Imafika kulikonse, madala."

"Ndili ndi mlongo wanga. Wonditsatira. Ndinamusiya akuyamwitsa mwana woyamba."

Aka kanali koyamba kutchula m'bale. Anati kalata yomaliza analemba kalekale, mkazi wawo ali moyo, ndipo siinayankhidwe. Iwonso sanalembenso, poyamba chifukwa cha mkwiyo, kenako chifukwa cha manyazi, chifukwa munthu ukakhalitsa osatumiza ngakhale bulangete umasowa poyambira. Anadziwa okha kuti kumudzi dzina lawo ndi tchona. Koma tsopano ankafuna kupita, ngakhale kwa mwezi umodzi, akaone mlongo wawo ndi manda a amayi awo. Anandiuza dzina la mudzi, dzina la mlongoyo, ndi mtengo wa mkuyu womwe unali pafupi ndi chitsime.

Ndili ndi mlamu amene amapikula mbatata ya kachewere ku Tsangano n'kumakagulitsa ku Mangochi. Ndinamupempha kuti akapatuke. Zinamutengera masabata asanu, ndipo nthawi yonseyo madala anasintha ngati munthu wamwa mankhwala. Anatulutsa sutukesi yachitsulo pansi pa bedi n'kuipukuta. Anauza ausi kuti awafunsire za mapepala a ulendo. Anapatula timakapu khumi ta jeraniyamu wofiira, mtundu womwe mkazi wawo ankaukonda, n'kunena kuti timeneti sitogulitsa, tidzapita nawo. Ndinawauza kuti pachipata cha dziko salola zomera. Anati adzazula, adzakutumula mchenga, adzakulunga m'nyuzipepala yonyowa n'kuika m'thumba la jekete, ndipo palibe msilikali amene amapapasa nkhalamba.

Uthenga wa mlamu unandipeza Lachinayi masana ndikudulira udzu. Unali wa mawu, ndipo ndinaumvera nditakhala pansi kuseri kwa garaja. Mudzi anaupeza. Mkuyu unadulidwa kale, koma chitsime chilipo. Mlongo wa madala anamwalira zaka ziwiri zapitazo. Amene analankhula ndi mlamu ndi mwana wake uja anasiyidwa ali kubere, tsopano bambo wa zidzukulu. Iyeyo anati amalume awo a ku Joni anamwalira kalekale. Munthu wina wobwera kuchokera kumigodi anawauza kuti anaphedwa ndi mwala pansi, ndipo pamudzi anakhala maliro, anameta, anaphika mowa, n'kugawana katundu yemwe anatsala. Amayi a madala anamwalira akudziwa kuti mwana wawo anatsogola. Mlamu atanena kuti munthuyo ali moyo, bamboyo anati nkhani yotero ndi yofunika akuluakulu, iye sangaiyankhe yekha. Nambala ya foni anakana kupereka.

Lamlungu ndinapita ku Ledig nditakonzeka kunena. Ndinawapeza atakhala padzuwa, akusoka chogwirira cha sutukesi ndi waya.

"Amjomba, alamu anu afika?"

"Sanafike, madala. Galimoto inawonongeka."

Sindikudziwa komwe bodza limenelo linachokera. Linangotuluka lokha, ndipo litatuluka ndinapepukidwa. Sabata yotsatira ndinati kukugwa mvula ya mawawa, msewu ndi woterera. Sabata inayo ndinati mudzi waupeza koma anthu anali kumaliro. Iwo ankangogwedeza mutu, n'kunena kuti zinthu zabwino sizifulumira. Ankandifunsa ngati kumudzi anthu amavalabe mabulangete a mizere, ndi nsalu yamtundu wanji yomwe mayi wachikulire angaikonde. Ndinkayankha zonsezo ndikudula maluwa, maso ali pa lumo.

Pofika mu Juni mabodza anandithera, ndipo ndinasiya kupita. Lamlungu loyamba ndinati ndili ndi ganyu. Lamlungu lachiwiri ndinapita ku Moruleng kukaona anthu akwathu omwe sindinkawafuna n'komwe. Ausi anandiimbira kawiri, ine osayankha. Ndinkadziuza kuti ndikufuna nthawi yoti ndipeze mawu abwino, koma zoona zake n'zakuti ndinkaopa nkhope yawo.

Chaka chilichonse nyengo yozizira ikafika, ine ndi madala tinkasamutsa timakapu tonse kuchoka pansi pa neti kupita m'kachipinda kosungiramo makasu, chifukwa chisanu cha kuno chikatsika m'mawa chimawotcha zomera zanthete ngati moto. Ntchito imeneyo inali ya Lamlungu lachiwiri la Juni. Ndinkaidziwa bwino. Chaka chimenecho sindinapite.

Lachitatu la sabata yachitatu ndinafika kuntchito n'kupeza udzu wayera mbee ndi chisanu, madzi a m'mbale ya galu ataundana. Maluwa anga a ku Waterfall East ndinali nditawalowetsa m'garaja kale. Ndinaima pamenepo nditagwira payipi, ndipo foni inalira. Anali ausi. Anayankhula m'Chingerezi chosakaniza ndi Chitswana, mawu ake ali ouma.

Anati iye anachoka m'mamawa kupita kuntchito monga mwa masiku onse. Madala atadzuka n'kuona kuyera panja, anatuluka ndi malaya ogonera okha n'kuyamba kututa timakapu awiriawiri. Mayi woyandikana nawo anawapeza atakhala pansi pakhomo la kachipinda kaja, akulephera kupuma, milomo itachita bii. Mayiyo anali atawatengera kuchipatala.

Ndinapempha madamu kuti ndichoke. Ndinayamba ndadzera ku Ledig, sindikudziwa chifukwa chake. Pansi pa neti zonse zinali zitafota, masamba atalendewera ngati ndiwo zofutsa. Pofika masana zinali zitada. M'kachipinda ndinapezamo timakapu khumi ndi tinayi tokha tomwe anakwanitsa kulowetsa. Khumi mwa timeneti tinali tija ta ulendo.

Kuchipatala ndinawapeza atavekedwa chothandizira kupuma kumphuno. Ausi anali atakhala pambali, ndipo atandiona anaimirira n'kutuluka osandipatsa moni. Ndinakhala pampando womwe anasiya.

"Amjomba. Mwasowa."

"Ndinalakwa, madala."

"Zapsa zonse?"

"Zatsala pang'ono."

Anatseka maso. Ndinaganiza kuti agona, ndipo mtima wina unandiuza kuti ndinyamuke. Koma ndinayamba kulankhula, ndikuyang'ana pansi, ndipo ndinanena zonse monga momwe mlamu anandiuzira, osachotsa kanthu. Ndinanenanso kuti uthengawo ndakhala nawo masabata asanu ndi awiri. Nditamaliza m'chipindamo munangomveka kulira kwa makina ndi munthu wina akubuula pabedi lakumapeto.

"Zaka ziwiri," anatero. "Ndiye kuti chaka chija tinameretsa lavenda wambiri uja anali moyo."

"Eya."

"Foni munali nayo kale nthawi imeneyo."

"Ndinali nayo."

"Ine ndiye sindinafunse."

Misozi inatsika m'mbali mwa maso kulowa m'makutu, ndipo sanaipukute. Patapita nthawi anafunsa chinthu chomwe sindinkachiyembekeza.

"Njinga yanga anatenga ndani? Ndinasiya njinga yatsopano, ya belu."

Ndinati mlamu sanafunse zimenezo. Anayamba kuseka, kuseka kwake kosatuluka mawu, mpaka namwino anabwera kudzandiuza kuti ndikuwatopetsa. Ndikuimirira anandigwira dzanja.

"Mukanandiuza tsiku lomwelo, amjomba. Ine ndatulutsapo anzanga pansi ali zidutswa. Mumayesa mawu angandiphe?"

Ndinatuluka. Panja ndinapeza ausi ataima pafupi ndi mpopi. Ndinamufotokozera iyenso, ndipo anandimvetsera mpaka kumapeto. Anati nkhani ya kumudzi ndi yanga ndi ntate, monga ankawatchulira madala, iye sailowerera, koma foni ya munthu wosamala nkhalamba siisiyidwa ikulira. Ananena zimenezo kamodzi kokha, ndipo sanazibwerezenso mpaka lero.

Madala anatuluka m'chipatala patatha masabata awiri, koma sanabwererenso pamsewu kukagulitsa. Sutukesi inabwezedwa pansi pa bedi. Za ulendo sanazitchulenso, ndipo ine nditanena kuti mlamu angathe kupitanso kukalankhula ndi akuluakulu a pamudzi, anakana.

"Asiyeni. Analira kale. Tiwalizenso kawiri chifukwa chiyani?"

Ndinayambiranso kupita Lamlungu lililonse, ndipo nthawi zina Lachisanu ndikachoka kumzikiti. Ndinataya zopsa zonse, ndinatsuka timakapu ndi madzi otentha monga anandiphunzitsira, n'kukatenga mchenga watsopano. Mu Ogasiti ndinabweretsa nthambi kuchokera ku Waterfall East, madamu atandiloleza kudula momwe ndingafunire. Ndinkawanyamula madala pampando n'kuwakhazika pakhomo, atafunda bulangete, ndipo ndinkawapatsira kanthambi kalikonse kuti apapase. Ankakagwira pang'ono n'kundibwezera. Sanatayenso ngakhale kamodzi, ndipo ndinkadziwa kuti sikuti ndinali nditafika pa luso lawo ayi.

Timakapu khumi tija anandiuza kuti ndiwokere m'mbali mwa khoma la kutsogolo, pomwe dzuwa la m'mawa limafika. Anandiyang'anira ndikukumba, n'kundikalipira kuti ndazika kwambiri kachitatu. Limenelo ndi tsiku lomaliza lomwe ndinawamva akukweza mawu.

M'masiku amenewo ankalankhula kwambiri za kwawo, osati ngati munthu wofuna kupita, koma ngati wowerenga katundu wa m'nyumba yomwe inapsa. Anandiuza za ng'ombe za atate awo ndi mayina ake, za sukulu yomwe anathawa ali sitandade 3, za mlongo wawo amene ankaopa abuluzi ndipo iwo ankamuikira m'dengu. Ausi ankakhala pafupi akusenda mbatata, osamva chilichonse. Tsiku lina anandipempha kuti ndizimumasulira. Anati munthuyu wamulera kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, koma sankadziwa kuti anaweta ng'ombe.

Anamwalira mu Okutobala, Lachiwiri masana, mvula yoyamba isanagwe. Ausi anali kuntchito, ine ndinali ku Waterfall East. Anawapeza ndi mayi woyandikana nawo uja, atakhala pampando pomwe ausi anawasiya m'mawa.

Kuno maliro amadikira Loweruka. Kwa ine, wozolowera kuika tsiku lomwelo, masiku anayi amenewo anali aatali kwambiri. Anthu anabwera ambiri, a kutchalitchi ndi a m'mudzi, ndipo nyimbo zonse zinali za Chitswana. Amalawi tinalipo asanu: ine, msuweni wanga, ndi nkhalamba zitatu zomwe zinagwira nawo ntchito kumgodi, imodzi yochokera ku Moruleng yoyenda ndi ndodo ziwiri. Kumanda nkhalambazo zinapempha kuimba nyimbo imodzi ya Chichewa. Zinayamba bwino, koma pa ndime yachiwiri mawu anazithawa, wina akuimba zina wina zina, mpaka zinangong'ung'udza. Ine nyimbo za kutchalitchi sindizidziwa, sindikanatha kuwathandiza. Ndinatenga fosholo n'kuthira nawo dothi.

Mlamu ndinamuuza kuti akadzadutsanso ku Ntcheu akanene kuti amalume aja tsopano amwaliradi, ndipo aikidwa mwaulemu. Anakanena. Anati bambo uja anavula chipewa n'kuthokoza, kenako anafunsa ngati pali chithunzi. Ndinatumiza chimodzi chomwe ndinawajambula atakhala pa kireti, tayi ili m'khosi. Yankho silinabwere, ndipo sindikudziwa ngati anachiona.

Nazale ija sinapitirire. Ine ndinkatha kufika kamodzi pa sabata, ndipo timitengo tanthete sitidikira sabata m'chilimwe cha kuno, makamaka madzi akasowa m'mipopi masiku atatu otsatizana. Ausi anayesetsa, koma ankachoka m'mawa n'kubwera madzulo. Pomaliza tinagwirizana kuti zomwe zinagwira tigawire anthu a m'mudzi ndi a kutchalitchi. Mapaipi ndi neti anatenga mayi woyandikana nawo uja kukamangira khola la nkhuku, ndipo pamalopo ausi anamangapo zipinda ziwiri za lendi.

Chaka chitatha anandiimbira kuti akukonza mwala wa pamanda, monga amachitira kuno, ndipo akufuna palembedwe komwe ntate anachokera. Ndinamulembera dzina la mudzi ndi la boma papepala, zilembo zikuluzikulu, n'kumupatsa m'manja. Tsiku lovundukula mwalawo ndinapempha tchuthi. Pa nkhalamba zitatu zija panabwera imodzi yokha. Atachotsa nsalu anthu anaombera m'manja, chifukwa mwalawo unali wokongola, wakuda, wonyezimira. Ausi anabwera pomwe ndinaima n'kundifunsa chapansipansi ngati zalembedwa bwino.

Ntcheu analemba bwino. Koma pa dzina la mudzi mmisiri anasiya chilembo chimodzi, ndipo momwe linkawerengekera silinali dzina la malo aliwonse omwe ndimawadziwa. Ndinamuuza. Anawerama, anapapasa ndi chala pamalo pomwe chilembocho chinayenera kukhala, n'kunena kuti amuitana mmisiriyo adzaone ngati chingalowe. Anthu anali atayamba kale kubwerera kunyumba kukadya, ndipo ife tinawatsatira pambuyo. Ulendo womaliza womwe ndinapita kumandako, mwezi wa Epulo, chinali chisanalowe.